Mapiritsi M'ngodya ya Mpango

Lolemba, 13 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amayi, nsanjika yachitatu, bedi la pazenera losatsekeka. Ndikulemba kuti manja apeze chochita, apo ayi ndiyamba kukanda khoma.

Zinayamba m'kalasi m'mawa. Ndinkalemba pabolodi, zilembo n'kuyamba kusambira, kunkhongoku ngati wina akukhoma msomali. Ndinangokhala pansi, pasimenti penipeni, ana a kalasi yachiwiri akundiyang'ana. Kamtsikana kena kanayamba kulira kuti aphunzitsi afa. Mphunzitsi wamkulu anandikweza tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu, mpaka kuno. Bipi 190 pa 115. Andibaya jakisoni, yatsikako pang'ono. Matenda a shuga ndili nawo kale ndipo mapiritsi ake ndimamwa, koma za bipi ndinkangozimvera kwa anzanga.

Wondidikirira ndi Basma, mwana wanga woyamba, ngakhale anthu amanditcha amake Moamen poti dzina lomwe amatipatsa ndi la mwana wamwamuna. Wafika ndi chikwama, fulasiki, kamkeka kanga koswalira, kopemphererapo, ndi bulangete loti aziyala pansi pafupi ndi bedi. Mwanayu zipatala amazidziwa kuposa nesi. Asanakhale pansi n'komwe anali atadziwa kale kotunga madzi otentha ndi dzina la mayi wokolopa.

Kumanja kwanga kuli Haja Tafida, nkhalamba yoonda, phazi lili pa pilo, chala chachikulu chotupa ndi nyamakazi, koma pakamwa pali bwinobwino. Kumanzere kuli amake Girigisi, a mphumu, amapuma ngati ketulo yoyamba kuwira. Tonse atatu yatigoneka ndi bipi.

Tsopano ndilembe zimene sindinauze munthu. Ndili ndi pakati. Ine Nahed, wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wobisa imvi ndi utoto wa hina. Mwezi wachinayi uno. Amuna anga a Gaber anabwerera mu Januwale atayendetsa malole ku Kuwait zaka zambirimbiri, ndiye nkhalamba ziwirife tinaiwala kuti ndife nkhalamba. Koyezera ndinakagula kutsidya la mtsinje komwe sandidziwa, n'kunama kuti wandituma mwana wa neba. Mizere iwiri. Ndinakhala m'bafa mpaka miyendo inachita dzanzi. Mimbayi ikubisala mu mkanjo wotakasuka, komanso ndine wonenepa kale.

Basma wakhala pabanja zaka zisanu, alibe mwana. Majakisoni wabayidwa mpaka pobaya panatha, madokotala a ku Cairo wawatha onse, ndipo apongozi ake ayamba kale kutchula ana aakazi a anthu ena pamaso pa mwamuna wake. Ndiye ine mayi wake ndimuuze kuti chiyani? Ndikamuona akundipindira zovala, ndimayang'ana kumbali.

Lachiwiri, 14 Meyi

Lero ndachita chinthu choipa.

Anabwera Dokotala Sameh, dokotala wamkulu, wamimba, mawu ngati akuitanira okwera basi. Kumbuyo kwake Dokotala Mariz, mtsikana wofatsa wa kamtanda kolembedwa padzanja, ndi gulu la ophunzira, ena anyamata a msinkhu wa Moamen. Anaima pakati pa mabedi athu atatu ngati pamsika.

"Mwaona? Bipi ndi imodzi, koma amayiwa ndi atatu," anatero. "Wopereka piritsi lofanana kwa onsewa abwerere kwawo azikagulitsa mavwende." Analoza amake Girigisi. "Awa ali ndi mphumu. Ukawapatsa aja ochepetsa kugunda kwa mtima, wawatseka chifuwa." Analoza Haja Tafida. "Awa nyamakazi ya chala. Ukawapatsa aja okodzetsa, chala chitupa kawiri, ndipo adzakutukwana."

"Ndikutukwana ngakhale usanandipatse, mwanawe," anatero a Haja. Wodi yonse kuseka.

Kenako ine. "Awa ali ndi shuga, ndipo mkodzo ukuonetsa kuti impso zayamba kudontha. Ramipril. Amatsitsa bipi, amatchinjirizanso impso. Koma sitipatsa ndani?"

Mnyamata wina wamagalasi anati, "Mayi woyembekezera."

"Chifukwa?"

"Amaononga impso za mwana. Madzi a m'chiberekero amauma. Mwana amatha kufera m'mimba."

Mayo ine! Makutu anga anangoti ngwii. Dokotala anatembenukira kwa ine, maso ali pa pepala. "Mayi, pepani, timafunsa aliyense. Kumwezi mukupitabe?"

Pamaso pa anyamata onse aja. Ndisanatsegule pakamwa, Basma anaseka. "Adokotala, amayi zimenezo anatsazikana nazo. Chiyambire Febuluwale sanadumphepo swala ngakhale imodzi. Ramazani yonse afunga, kusala kudya osaphonya tsiku, koyamba chikulire chawo." Ananena monyadira, mwana wanga. Kwathu palibe amene amafunsa zimenezi. Amangoyang'ana kamkeka: kakapindidwa masiku angapo, aliyense wadziwa, sakufunsa. Kanga sikanapindidwe miyezi yonseyi, ndiye onse anangoti amayi akula.

Dokotala Sameh anadandaula za wa shuga wofunga mwezi wathunthu. Dokotala Mariz anati chapansipansi, "Bwanji tingoyeza, kuti titsimikize?"

"Mayi wamkulu ngati awa? Mwana wawo wanena kale. Si choncho, mayi?"

Ndinagwedeza mutu. Palibe anandikakamiza. Mutu wangawu ndinaugwedeza ndekha.

Nesi Karima anabwera ndi piritsi ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo akucheza ndi Basma. Ndinameza. Ndinathamangira kuchimbudzi, chala kukhosi, koma Basma anali kale pakhomo, "Amayi, muli bwino? Nditsegulireni." Sichinatuluke chilichonse. Masana onse ndagona choyang'ana kukhoma, dzanja lili pamimba pansi pa chofunda.

Bipi madzulo 170 pa 105.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndaphunzira kuba. Piritsi ndaliika pansi pa lilime, ndamwa madzi, ndamwetulira. Karima atatembenuka ndalilavulira m'dzanja n'kulimanga m'ngodya ya mpango wanga wobiriwira, momwe ndimamangamo makiyi. Kuchimbudzi sindingakalitaye, Basma amandiperekeza mpaka pakhomo ngati mwana.

Awonjezera piritsi lina la mafuta a m'magazi. Nalonso lalowa m'mpango, poti sindikudziwa lomwe lili labwino kwa wam'mimbayu. A shuga okha ndi amene ndikumeza, aja ndinafunsa kale ku famase ya kutsidya.

Ndinaganiza zomutsina khutu Dokotala Mariz. Koma ndikamuuza alemba pa pepala la kumiyendo kwa bedi, ndipo Basma amaliwerenga m'mawa ndi madzulo ngati nyuzi. Kenako andisamutsira kwa amayi oyembekezera, tauni yonse idziwa dzuwa lisanalowe.

175 pa 105. Mutu ukuwawa.

Lachinayi, 16 Meyi

180 pa 110. Dokotala Sameh wakwinya nkhope, wati ramipril akhale awiri. Kangodya ka mpango kayamba kulemera.

Amake Girigisi atuluka lero, awo mankhwala awagwira msanga. Potsazika anandipsompsona masaya onse awiri n'kuti akandiyatsira kandulo kutchalitchi kuti Mulungu awaunikire madokotala za matenda anga ovutawa. Kalanga ine, kandulo ya munthu ikapsa pachabe.

Lachisanu, 17 Meyi

Lero kulibe madokotala, kuli alendo. Wodi yadzaza mpaka pakhonde, ana akukwawa pansi pa mabedi.

Abambo ake Moamen anafika atatuluka kumzikiti, ndi nyemba zophika, buledi wotentha, ndi kabotolo ka ndimu zoviika mu mchere. Karima anakalanda kabotoloko. "Mukufuna kuwapha akazi anu?" Atachoka ndinapeza kuti ndikunyambita chivindikiro chimene chinatsala pabedi. Ndikutukula maso, Haja Tafida akundiyang'ana tuzu.

"Koma amake Moamen, chipatala chakukomerani," anatero a Gaber. "Nkhope yadzaza ngati ya mkwatibwi. Kaya ndikupezeni mutakwatiwa ndi dokotala."

"Khalani pansi inu, mukutchinga mphepo," ndinatero. Munthu ameneyu sadziwa kanthu, ndipo akaseka ndimafuna kumugenda ndi silipasi.

Moamen anandipsompsona pamutu. Akuti poti tsopano palibe chondiletsa kuswali, chaka chamawa andipititsa ku Maka ndi malipiro ake oyamba. "Muyambe kuzolowera, muzikhala Haja Nahed." Ndinangoti Mulungu akalola. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Kenako anatulukira amake Reda, apongozi ake a Basma, ndi thumba la malalanje ndi lilime lawo. Anakhala pabedi panga, n'kuyamba kusenda lalanje lomwe andibweretsera, n'kumadya okha.

"Inu ndiye mwapuma, asewere, ndamva kuti mwamaliza zachitsikana. Mulungu anakupatsani awiri, mwamuna ndi mkazi, mungafunenso chiyani? Mwana wa mchemwali wanga uja, wokwatiwa chaka chathachi, akuti ali kale ndi pakati pachiwiri. Ena abale, kungodutsa pafupi ndi thalauza la mwamuna lili pachingwe, basi zatheka. Ena ndiye kaya." Anayang'ana kudenga n'kuusa moyo.

Basma anali akutsuka makapu m'beseni. Sanatukule mutu, koma ndinaona khosi lake likufiira. Masiku onse ndimamuyankhira mayi ameneyu, ndimamudula ndi mawu amodzi mpaka amatsamwa. Lero ndinangoti zii. Wa thalauza la pachingwe uja ndine, ndinali gone pomwepo.

Atapita, Basma anati, "Lero simunandimenyere nkhondo, amayi. Mwadwaladi." Anaseka, n'kundikonzera pilo.

Loweruka, 18 Meyi

185 pa 112. Timadontho takuda tikuuluka m'maso.

Dokotala Sameh wakalipa wodi yonse ikumva. Anayamba ndi Dokotala Mariz: kodi anawerenga bwino za impso, kodi akugona pantchito? Mtsikana uja anangogwetsa nkhope, makutu psuu. Kenako Karima. "Mankhwalawa mukuwapatsadi, kapena akupita kwanu?" Karima anagwira pachifuwa. "Ndikulumbira pa ana anga, adokotala, ndimaima mpaka ameze." Misozi inalengeza m'maso mwake.

Ine ndili phee, mpango uli kumutu, kangodya kali kugunda pakhosi. Ine amene ndimaimika mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kukhoma chifukwa chonama kuti kope laiwalika kunyumba. Ndikanatha kulowa pansi pa matiresi ndikanalowa.

Dokotala wa maso wandiunika, wati kumbuyo kwa diso lamanzere kwayamba kutuluka timagazi. Dokotala Sameh sanabise. Bipi ikapitirira chonchi mtsempha wa m'mutu uphulika, ndifa ziwalo kapena ndifa kumene. Wawonjezera piritsi lachitatu, ndipo Lolemba akandiunika impso ndi makina, aone chimene chikukanitsa mankhwala. Makinawo amayenda pamimba. Basma adzakhala pomwepo atandigwira dzanja.

Masana Basma atapita kukagula sopo, Haja Tafida anandikodola ndi ndodo yawo.

"Iwe mphunzitsi. Mpango wakowo ndi famase?"

Ndinati sindikumva zomwe akunena.

"Asa! Chala ndiye chatupa, maso ali bwino. Munthu wonyambita chivindikiro cha ndimu, wotseka mphuno tiyi akamadutsa. Ine ndabereka asanu ndi anayi, womaliza ndili kale ndi zidzukulu zoyenda. Anthu anaseka sabata imodzi, kenako anabwera kudzadya pa phwando la mwanayo. Ndi wa amuna ako?"

"A Haja! Opani Mulungu!"

"Ndiye ukubisa chiyani? Unaba?"

Ndinawauza za Basma. Anasisita phazi. "Eya. Pamenepo ndiye pali ululu," anatero. "Koma tamvera. Ukafa ziwalo, amene azikusambitsa ndi kukuchotsera zoipa ndi mtsikana yemweyo. Ndipo mimbayo adzaiona ndi maso ake ali ndi beseni m'manja, iwe pakamwa patapotoka, osatha n'kupepesa komwe. Umuuze, apo ayi ndimuuza ine, ine manyazi anandithera kale."

Ndinawapempha kuti andipatse mpaka mawa.

Chakumadzulo ndikuswali chokhala pabedi, ndinamva kanthu pansi pa mchombo, kakuti phiriphiri ngati kansomba m'beseni. Kawiri. Ali moyo. Piritsi lija la Lachiwiri silinamuphe. Ndinalira chamumtima, Basma n'kuganiza kuti ndikuopa kufa. Anandikumbatira mutu n'kumati, "Simufa amayi, ndili pano."

Lamulungu, 19 Meyi

Ndilemba pang'onopang'ono.

M'mawa ndinalowa m'bafa kukasamba. Mpango ndinausiya pa msomali wa kuchitseko, Basma n'kuutenga pamodzi ndi zovala zina, wandisiyira woyera. Ndinatuluka, ndinagwira kumutu, mtima unangoti phwii.

Ndinamupeza pakhonde la kumapeto, pomwe odikirira amayanika zochapa. Anali ataima ndi mpango wonyowa, mfundo atamasula, m'dzanja mwake muli phala loyera, mapiritsi ena asanasungunuke onse.

"Ichi n'chiyani?"

Anandisendezera dzanjalo kumaso.

"Amayi, mukufuna kufa? Takulakwirani chiyani? Abambo akupezerani mkazi wina ku Kuwait? Ndiuzeni! Ine ndikugona pasimenti, Karima watukwanidwa ngati wakuba, inu mukumanga mankhwala m'nsalu ngati makiyi a kabati?" Mawu anakwera mpaka mayi wina woyanika matewera anatola beseni lake n'kuchoka.

Mawu onse omwe ndinakonza anathawa. Ndinangoti, "Ndili ndi pakati, mwana wanga."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. Kenako anayang'ana pamimba panga. Ndinagwira mkanjo n'kuukokera kumbuyo kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda, akuwerenga miyezi.

"Swala zija," anatero.

"Eya."

"Ndine ndinauza adokotala kuti munasiya."

"Ine ndinagwedeza mutu. Si iwe."

Nkhope yake inasintha mwadzidzidzi. "Mwameza angati? Aja oyamba aja, oumitsa madzi?"

"Limodzi. Lachiwiri."

Anaponya mpango pansi n'kuthamanga, masilipasi ali phwa phwa phwa m'kanjira konse. Ndinati basi, wapita kwawo, sindidzamuonanso. Ndinatola mpango wanga n'kubwerera pabedi ndikugwira khoma.

Sanapite kwawo. Anabwera akumukoka Dokotala Mariz padzanja. Ndinamva akunena ali kukhomo, momveka bwino, "Adokotala, ndinakuuzani zabodza. Amayi ali ndi pakati, miyezi inayi, ndipo mankhwala anu sakumwa."

Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda atandikalipira. Dokotala Mariz anangokhala m'mphepete mwa bedi n'kuti, "Nanenso ndikanaumirira kuyeza tsiku lija." Anakhwatcha pepala lonse. Anandifunsa, "Mphumu muli nayo?" Ndinati ayi. "Ndiye tikupatsani labetalol, katatu patsiku. Amake Girigisi sakanamwa ameneyu, inu mungathe, ndipo mwana samuvuta." Ramipril wachotsedwa, wa mafuta uja wachotsedwanso. Shuga tsopano ndi jakisoni wa insulini. Kapiritsi kakang'ono ka asipirini kamodzi patsiku, ndi ena owonjezera magazi. Wati piritsi limodzi lija mwina silinaononge kanthu, koma mawa makina ndiwo anene. Wati chimene chikanatipha tonse awiri ndi bipi ya masiku onsewa, osati piritsilo.

Ndinamuitana Karima, ndinamugwira dzanja, ndinapepesa. Anati, "Ndinalumbira pa ana anga, aphunzitsi." Anachotsa dzanja lake n'kupita. Akulondola.

Kuyambira pamenepo Basma sanandilankhulenso tsiku lonse. Wandithirira madzi, wandibweretsera chakudya, wandiyeza shuga, zonse osatsegula pakamwa. Wakhala pa bulangete lake chondifulatira, akungotembenuza foni m'manja.

160 pa 100.

Lolemba, 20 Meyi

Anatipititsa kuchipinda chamdima cha makina. Mafuta ozizira pamimba. Dokotala wake, bambo wachete, anayendetsa kachitsulo kake uku ndi uku, ine pagalasi ndinkangoona utsi wokhawokha.

Basma anali ataima kumutu kwanga, manja atapinda. Galasi limenelo waliyang'ana kambirimbiri zaka zisanu izi, mwezi ndi mwezi, likumuonetsa mopanda kanthu. Dokotala asananene chilichonse ndinamva akupuma mwamphamvu.

"Uyo," anatero. Chala chinali pagalasi. "Mtima uwo. Apo msana. Adokotala, madziwo ndi okwanira, eti? Pakudapo ndi madzi?"

Dokotala anamuyang'ana. "Ndinu nesi?"

"Ayi. Ndangozolowera."

Madzi ndi okwanira. Impso za mwana zikuoneka zonse ziwiri, tinthu ngati nyemba. Adzaunikanso pakapita milungu ingapo, koma lero palibe choipa chaoneka. Impso zanga nazo zilipo, ndatsala pang'ono kuiwala kuti ndi zimene tinapitira.

Pobwerera anandikankha pa njinga ya odwala. Pakati pa kanjira, pafupi ndi zenera, anaimitsa n'kubwera kutsogolo kwanga.

"Munandiyesa chiyani, amayi?"

Ndinati ndinkaopa kumupweteka.

"Kundipweteka? Zandipweteka, inde. Dzulo ndimafuna kuswa makapu onse. Ndipo amake Reda akamva, mawu awo ndikuwadziwa kale onse: mayi wake wa imvi akubereka, iye kuli zii, ndiye vuto si la mtundu, ndi lake. Anena pa chakudya, anena kwa aneba, anena kwa Reda ine ndili pomwepo. Koma amenewo ndi anga, ndiwamva ine, ndawamva zaka zisanu sindinafe. Inu mumati mufe kuti ine ndisamve mawu? Mumati ndikakuikeni m'manda, osambitsa maliro adzandiuze kuti munali awiri? Ndiye ndikanakhala bwanji ine? Munandiona ngati munthu woti sangakondwere ndi mwana wa mayi wake?"

Ndinagwira dzanja lake kuti ndilipsompsone, analichotsa. "Musandichititse manyazi pa anthu," anatero, akupukuta mphuno ndi mkono. Anabwerera kumbuyo n'kukankha njinga mwamphamvu mpaka ndinagwira zogwirira.

Abambo ake wawauza yekha pafoni. Anafika masana thukuta kamukamu, malaya atamanga mabatani mopotoka. Anaima kumiyendo kwa bedi, pakamwa payamba kumwetulira, n'kuona Basma, n'kutseka pakamwa ndi dzanja ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. "Nanga Moamen timuuza bwanji?" anatero.

"Ndamuuza kale," anatero Basma. "Wati ku Maka kudikire, ayambe wagula matewera."

Haja Tafida anawaloza a Gaber ndi ndodo. "Ndiye awa? Ndimayesa ndi chimunthu chachikulu." A Gaber anathawira kukhonde kukasuta.

148 pa 94. Timadontho ta m'maso tachepa.

Lachiwiri, 21 Meyi

Andisamutsira kwa amayi oyembekezera, nsanjika yoyamba. Ndikhala kuno mpaka bipi ndi shuga zikhazikike, ndipo akuti miyezi yotsalayi azindiona pafupipafupi. Tisanatsike, Dokotala Sameh anabwera kudzasaina pepala. Sanandiyang'ane, anangouza ophunzira ake kuti kuyambira lero mayi aliyense aziyezedwa, ngakhale abwere ndi ndodo. A Haja anati, "Yambani ndi ine." Potsazika anandipatsa ndimu imodzi ya mu mchere yomwe anabisa pansi pa pilo, kaya anaitenga kuti. Basma anailanda.

Tinatsika. Ine patsogolo ndi mpango woyera, Basma pambuyo ndi chikwama, fulasiki, kamkeka ndi bulangete. Wodi yakunoyi ndi ya atsikana okhaokha, ena ang'ono kuposa Basma, mimba zili tuu, amayi awo atakhala pansi akusenda zipatso. Pa bedi lachiwiri ndinazindikira Nermin, yemwe ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake. Anadzuka mwaulemu, "Aphunzitsi! Mwabweretsa Basma? Mulungu wamva!" Ndinafuna kubwerera pomwepo.

Nesi wakuno, mayi wansangala, anafika akupukuta manja. Sanayang'ane pepala. Anamugwira Basma pamkono n'kumutsogolera ku bedi lopanda munthu. "Bwera mwana wanga, tula katunduyo, usamanyamule zolemera. Woyamba ameneyu? Amayi, inu mukhale pampando apo, mwana wanu timusamala."

Basma anaima. Khosi lake linafiira ngati tsiku lija la amake Reda. Amayi onse a m'wodi anali akumuyang'ana pamimba, akumwetulira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene ndekha, koma iye anandiyambirira, mokweza, kuti wa pa bedi lomaliza amve.

"Odwala ndi amayi anga. Ine ndabwera kudzawadikirira."

Kenako wina anaseka, wina anamuletsa. Basma anachotsa mkono wake mwaulemu, anandikhazika pabedi, anandivula masilipasi, n'kuyala bulangete lake pansi pakati pa amayi a anthu ena.

140 pa 90. Madzulo nesi atabweretsa piritsi la labetalol, Basma analilandira m'dzanja lake. Anandipatsa, anandipatsa madzi, ndinameza. Anaimabe pomwepo.

"Tsegulani pakamwa, amayi."

Ndinatsegula.

"Tukulani lilime."

Ndinatukula, Nermin akuona.